Chipewa cha Sipayi Chinayezera Masawu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene makolo anga ananditumiza kuchoka ku Ulongwe kukakhala ndi malume anga, a Benedito, ku Chingodzi mumzinda wa Tete. Inali nthawi imene malasha a ku Moatize anali atazunguza anthu mitu. Magalimoto akuluakulu ankadutsa osalekeza, fumbi linkalowa mpaka m'mano, ndipo aliyense amene anali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ankakachititsa lendi kwa alendo odzafuna ntchito. Pamzere wathu wonse, malume okha ndiwo anakana. Chipinda chawo chakuseri chinali kale ndi eni ake, ngakhale kuti eni akewo sankapuma mpweya.

Malume anali makanika wa magalimoto onyamula katundu wa kumigodi. Galimoto ikafera kutali, kaya njira ya ku Zobwe kaya ya kwathu ku Angonia, ankatumidwa iwo. Koma sankabwerako chimanjamanja. Ankalowa m'midzi ya m'mbali mwa msewu kufunsa ngati kuli zinthu zakale za asilikali, ndipo nthawi zina ankachita kuzilanditsa m'manja mwa ogula zitsulo zakutha, amene masiku amenewo ankasesa chilichonse cholemera. Akazi awo, a titiya Rosa, akangoona thumba lachilendo pakhomo ankapukusa mutu. Ankati anzawo akumanga nyumba zosanja ndi ndalama za lendi, pamene iwo anakwatiwa ndi munthu wogoneka dzimbiri pamalo abwino. Ankanena akuseka, ndipo ndi iwo omwe ankasoka pamene njenjete zaboola.

M'chipindamo munkanunkhira mafuta a makina ndi masamba a fodya, amene malume ankaika pakati pa nsalu kuti tizilombo tisadye. Pakhoma panali mfuti za gogodera, zija zothira onga kukamwa, zina zomangidwa ndi waya wamkuwa pamene mtengo unang'aluka. Panalinso mfuti yaitali ya asilikali a Chipwitikizi, yolemera moti sindinkatha kuiwongola ndi manja anga. Zonsezo zinali zotsekedwa mipope ndi chitsulo chowotcherera, ndipo apolisi ankazidziwa. Pansi pake panali mabotolo achitsulo a madzi okutidwa ndi nsalu, mbale zodyera kunkhondo, malamba, zikwama za zipolopolo, ndi lipenga lopindika limene likaimbidwa linkalira ngati mbuzi yomangidwa. Koma chimene malume ankachikonda kuposa zonse chinali m'sutikesi: malaya ndi kabudula wa kaki, lamba wachikopa, ndi chipewa chofiira chonga chitini, chokhala ndi mphonje yakuda. Zinali zovala za sipayi, wapolisi wachikuda wa boma la Apwitikizi, amene ankatumidwa m'midzi kukatolera msonkho ndi kugwira anthu opita ku chibalo, ntchito yokakamiza ija. Malume ankati mfuti zimapezeka, koma chipewa chotere chosadyedwa ndi njenjete sanachionenso kwina kulikonse.

Kwa ine zonsezi zinali zidole za anthu akuluakulu. Ndinkaziona ngati katundu wa ngwazi, ndipo sindinkasiyanitsa kuti uyu anamenyera mbali iti.

Chaka chimenecho aphunzitsi athu, a purofesora Ameliya, anakonza sewero loti tikaonetse pa chikondwerero cha ufulu wa dziko. Linali la mudzi wina wa nthawi ya atsamunda umene unatopa ndi msonkho, n'kuthamangitsa sipayi. Popeza ndinali wamtali ndipo mawu anga ankamveka kutsidya la bwalo, usipayi unagwera ine. Nditawauza malume, anadzuka pampando ngati ndawauza kuti ndakhoza mayeso. Anati zinthu zawo zakhala mumdima nthawi yaitali, tsopano anthu aziona. Mfuti anakaniza, amati imeneyo situluka pakhomo ngakhale ili yogontha, koma zovala anavomera.

Tsiku loyeserera titavala, anandiveka okha. Kabudula anandifika m'mawondo, lamba anazungulira kawiri. Iwo ankafuna ndipite wopanda nsapato, ati ndi mmene asipayi ambiri ankayendera, koma a titiya anati mchenga wa ku Tete masana umawotcha dzira, mwana wa eni ake asapse mapazi chifukwa cha mbiri yakale. Ndinavala patapata. Malume anandikhazika chipewa pamutu, anachipendeketsa pang'ono, anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Ulendo wopita kusukulu tsiku limenelo sindidzauiwala. Ana anandilondola akuimba. Anyamata a njinga zamoto ankaliza mabelu. Amuna ovala maovolosi achikasu, amene ankadikira basi ya kumgodi, anandichitira sawasha, moni wa asilikali, akuseka. Ndinatukula chifuwa, mapazi n'kumamenya pansi, patapata akulira kumbuyo. Nditafika pa kamsika ka m'mbali mwa msewu, pansi pa mtengo wa mlambe, ndinaona mnzanga Abudu, amene m'seweromo anali mlimi, akugula zitumbuwa. Ndinamulozera chala n'kukuwa mawu anga a m'sewero: "Ima pomwepo, iwe! Msonkho wa boma uli kuti?"

Anthu anaseka. Kenaka ndinangomva mphepo pamutu. Chipewa chinali chitapita.

Nditatembenuka ndinaona mayi wachikulire, wamfupi, wa manja olimba ngati mizu. Anali a Nangozo, ogulitsa masawu, malambe ndi chimanga chootcha, amene ndinkawadutsa tsiku lililonse osawalabadira. Kwawo kunali ku Tsangano, koma anakhalitsa ku Tete moti Chinyanja chawo chinkatsetserekera ku Chinyungwe. Sankaseka.

"Wakuveka izi ndani?" anafunsa motsitsa.

"Malume anga, agogo. Ndi za sewero la kusukulu."

"Ukawauze malume akowo kuti chipewa chili kwa Nangozo. Asachedwe, mbaula yanga ili ndi moto."

Ndinapempha, ndinagwada, Abudu anandithandiza kupempha, koma iwo anachilowetsa pansi pa dengu n'kukhalira pambali pake. Kusukulu ndinayeserera mutu uli pamtunda, mawu osatuluka bwino. Ndinkangoganiza za makala ofiira a pambaula ndi nkhope ya malume.

Madzulo nditawafotokozera, malume sanandikalipire. Anakhala pansi pakhonde, manja akuda ndi girisi ali pamawondo, n'kufunsa ngati ndinaona utsi. Nditati ayi, anasamba, anavala malaya a kutchalitchi, n'kundiuza kuti nditsogole. A titiya anatiperekeza mpaka pampanda n'kuwachenjeza kuti akalankhule ngati mwana, osati ngati mwini katundu.

Tinapeza pamsika pali kagulu ka anthu, ena akuseka. Chipewa sichinapse. Chinali chogadamitsidwa patebulo, chodzaza masawu mpaka kusefukira, ndipo a Nangozo ankayezera makasitomala awo. Munthu akabwera ankamufunsa ngati akufuna sipayi wathunthu kapena theka. Masawu ouma amamata, ndipo ndinaona malume akukwinya nkhope poona nsalu yofiira ija, imene iwo ankaigwira ndi nsonga za zala, ikukhuthulidwa n'kumenyedwa patebulo kuti zotsalira zigwe. Koma anadzigwira. Anavula kapusi yawo, anakhala pa njerwa, n'kupereka moni mwaulemu wonse, kufunsa za thupi, za malonda, za kumudzi.

"Ndinu mwaveka mwanayu?" anatero a Nangozo.

"Ndine, mayi. Ndimasunga zinthu zakale kuti ana adzazione."

"Mumasunga. Nanga mukudziwa chimene mwasunga?"

Malume anayamba kufotokoza za mtundu wa nsalu ndi zaka zimene asipayi ankavala zipewa zotere, koma mayiwo anakweza dzanja. Anauza mtsikana wa pa tebulo loyandikana kuti awaonere malonda, n'kutembenukira kwa ife.

Anati ali kamtsikana, ntchito ya ana a m'mudzi mwawo inali kukhala pachulu n'kumayang'ana kunjira. Chimanga chikatalika munthu sankaoneka, koma chipewa chofiira chinkaoneka chikuyandama pamwamba pa ngayaye. Mwana akachiona ankaimba mluzu, amuna onse n'kuthawira kuphiri. Tsiku lina inali nthawi yawo yolondera, ndipo anatanganidwa ndi kugwira ziwala. Pamene ankadzutsa mutu, chofiira chija chinali chitadutsa kale chulu. Bambo awo anagwidwa ali pakhomo akusema mpini. Anapita kukakumba msewu, ndipo anabwerako patapita nyengo ziwiri za mvula, ali ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Mayi awo atapita kukadandaula kuboma, anamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, moti kwa nthawi yaitali ana ndiwo ankawadyetsa.

"Palibe anandinena kuti ndinalakwa," anatero. "Koma lero m'mawa, ndili ndi zidzukulu zanga, ndaona chofiira chikubwera pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo milomo yanga yayamba yokha kufuna kuimba mluzu."

Ndege inadutsa pamwamba pathu kukatera kubwalo la ndege, ndipo tonse tinadikira kuti phokoso lithe. Malume anali atayang'ana pansi. Kenaka ananena mawu amene sindinkayembekezera kwa munthu amene ankadzuka m'mawa kukasuzumira m'sutikesi. Anati ngati mtima wawo ungapepuke chipewacho chikapsa, achiponye pambaula, iwo sadzadandaula kwa munthu.

A Nangozo anawayang'ana, anayang'ana chipewa, kenaka anaseka kwa nthawi yoyamba, mano awo ochepa onse poyera. Anati kuwotcha ayi, chifukwa chiyambire sanagulitsepo masawu ambiri ngati tsiku limenelo. Chikhala pamsika mpaka tsiku la sewero, chigwireko ntchito yothandiza anthu kamodzi m'moyo wake. Kenaka anandiloza ine.

"Koma uyu akunamiza anthu. Sipayi sankakuwa chonchija. Uzibwera kuno ukaweruka, ndikuphunzitse."

Malume anagula sipayi wathunthu wa masawu, ndipo tinabwerera kunyumba tikudya, iwo akulavula nthanga mwakachetechete. Titayandikira pakhomo anati chipewacho anachigula kwa mdzukulu wa mwini wake, ndipo anafunsa zonse za amene ankachivala, koma sanaganizepo zofunsa amene ankachithawa.

Masiku otsatira ndinkathera masana pansi pa mlambe. A Nangozo anali mphunzitsi wovuta kuposa a purofesora Ameliya. Ndikamenya phazi pansi ankandiponyera chitsononkho. Ankati wokuwa ndi munthu wamantha, pamene sipayi analibe chomuopsa. Sipayi wa kwawo anali mwana wa mudzi woyandikana nawo, wolankhula chilankhulo chawo, wodziwa aliyense ndi mfunda wake. Ankafika pang'onopang'ono, manja kumbuyo, n'kupereka moni kwa onse. Ankapempha madzi akumwa. Ankayamikira nkhuku yonenepa, ndipo mwini wake ankadziwa kuti nkhukuyo yapita. Kenaka, akupukuta pakamwa, ankafunsa mokoma kuti bambo a pakhomo pano ali kuti.

Ndinkayeserera pakati pa matebulo, amayi a pamsika akundiweruza. Wina ankati ndikufulumira, wina ankati ndikumwetulira ngati wofunsira mbeta. Madalaivala a ku Malawi amene ankaima kugula chimanga ankakhala ngati amuna a m'mudzi, n'kumabisala kuseri kwa matayala. Tinkaseka mpaka misozi. Koma tsiku lina nditafunsa funso lija la bambo a pakhomo, a Nangozo sanandiponyere kanthu. Anatembenuza chimanga pambaula, ngakhale chinali chisanapse mbali imodzi, n'kunena osandiyang'ana kuti basi, ndadziwa.

A purofesora Ameliya poyamba anadandaula kuti anthu akumbuyo sadzandimva. Nditawaonetsa kamodzi, anangouza anzanga kuti pamene ndikulowa aliyense asiye kulankhula.

Tsiku la chikondwerero bwalo la sukulu linadzaza. Makolo anakhala pamabenchi pansi pa mitengo, ena ataima ndi maambulera chifukwa dzuwa linali lija la ku Tete losaseka ndi munthu. A Nangozo anafika atavala chitenje chatsopano, chipewa atachikulunga m'nsalu yoyera, ndipo anandiveka okha kuseri kwa kalasi. Chinkanunkhira masawu, ndipo m'kati chinkamata tsitsi. Anachiwongola, ati sipayi wa kwawo sankapendeketsa.

Nditatulukira, ana anayamba kuseka kabudula wanga. Ndinayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Ndinapereka moni kwa mtsikana amene anali mkazi wa Abudu m'seweromo, ndinapempha madzi, ndinayamikira nkhuku yake, imene inali nkhuku yeniyeni yobwereka kwa mlonda wa sukulu. Kuseka kunayamba kuzilala, kuyambira kumabenchi a akuluakulu. Pamene ndinkafunsa kuti bambo a pakhomo pano ali kuti, bwalo lonse linali zii, moti ndinamva bambo wina wachikulire akuyankha yekha chapansipansi kuti apita kumaliro. Pambuyo pake ndinamva kuti limenelo ndilo linali bodza la amayi onse a nthawi imeneyo.

Kenaka inafika mbali yoti mudzi undiukire. Anzanga anatola mipini ndi mitanga n'kuyamba kundithamangitsa mozungulira bwalo, monga tinapanganirana. Chimene sitinapangane n'chakuti a Nangozo adzuke pabenchi, ambulera m'manja, n'kulowa m'gulumo. Amayi awiri a pamsika anawatsatira. Nkhuku inapulumuka n'kuthawira kwa alendo olemekezeka. Ine ndinathamanga zenizeni, dzanja limodzi litagwira chipewa, lina kabudula, patapata mmodzi atatsalira pakati pa bwalo. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi, ndipo malume, amene ndinawaona ndikudutsa, ankapukuta maso ndi kapusi. A Nangozo atandipeza kuseri kwa kalasi anandigogoda kamodzi pamsana ndi ambulera, mopepuka, akupuma wefuwefu, n'kunena kuti akhala akudikira mpata umenewu kuyambira ali kamtsikana.

Madzulo ake anabwera kunyumba kudzaona chipinda chija, a titiya atawaitana. Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma. Pa mfuti ya Apwitikizi sanaime. Anaima pa gogodera, n'kunena kuti agogo awo aamuna anali nayo yotere yophera nguluwe, ndipo inkachedwa kulira moti nguluwe inkakhala itafika kale kwawo. Malume ankafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Kuyambira nthawi imeneyo, akapita m'midzi ankachedwa kubwerako kuposa kale, chifukwa akagula chinthu ankafunanso nkhalamba ya pafupi kuti iwauze zimene inaona. Alendo akabwera kudzaona chipinda, ankawauza mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zina ankandituma kukaitana a Nangozo, amene ankabwera ndi dengu lawo la malonda.

Panopa ndine bambo wa ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito pachipata cha m'malire, kumene ndimavala yunifolomu tsiku lililonse. Si ya sipayi, ndipo ntchito yanga ndi yoyenera. Komabe ndimaona zimene zimachitika mayi wosenza thumba la nyemba akandiona ndikuyandikira: mapewa amakwera, mawu amachepa, dzanja limafunafuna pamfundo ya chitenje. Iye sakundidziwa, ndipo sindinamulakwirepo. Akuona nsaluyo, ndi onse amene anaivalapo iye asanakumane ndi ine. Ndili mwana ndinkaganiza kuti chovala ndi cha amene wachivala. Tsopano ndikudziwa kuti ndi chawonso amene amachiona chikubwera, ndipo iwowo ndi amene amachikumbukira nthawi yaitali. N'chifukwa chake sindimuzungulira munthu ndi moni wautali pamene ndikufuna kuona katundu wake. Ndimamuuza msanga chimene ndikufuna, ndi kuti akachionetsa apita. Ndikatha, ndimamuthandiza kusenza.